Mmene anagawanira kompyuta ya mlongo wanga

Fakitale ya nsalu itatseka, akuluakulu anagulitsa zonse za m'maofesi: mipando, makabati, mafani, ngakhale mabini a zinyalala. Ine ndinali wa kumakina oluka. Za mu ofesi sindinagule. Ndinapeza wilibala n'kuyamba kunyamula katundu wa anthu pamsika. Mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, anali kalaliki. Iye anabwera ndi kompyuta.

Mlamu sindinkamukonda. Ankavala tayi ngakhale popita kukagula malasha. Ntchito inatha, tayi sanavule.

Kompyutayo inali yakale. Inali itasanduka yachikasu ngati mano a munthu wosuta. Inali ndi ziwalo zake: bokosi lachitsulo, sikirini yaikulu yooneka ngati TV, kiyibodi yotayipira, ndi pulinta yolira ngati macheka. Anaiika pathebulo m'nyumba mwawo ku komboni ya Nangongwe, mlongo wanga n'kuiphimba ndi kansalu. Alendo akabwera mlamu ankavundukula n'kuyatsa. Kuti idzuke inkachedwa. Madzi ankawira pambaula, tiyi n'kumwedwa, iyo ikadang'ung'udza. Ikadzuka ankalembapo dzina lake, alendo aone, kenako n'kuzimitsa.

"Ni yanga iyi," ankatero. "Mu Kafue muno tili nazo ndise ang'ono."

Nthawi imeneyo anali atayamba kale kutsokomola.

Mlongo wanga anaphunzira kutayipa ali mtsikana, pa makina akale aja ogogoda. Ntchito sanaipeze. Ankasoka mayunifomu a ana a sukulu pakhomo. Ana ake anali atatu. Ndiye amene anaona kuti chinthucho chikhoza kudyetsa ana. Amuna ochotsedwa ntchito ankafuna wowatayipira makalata ofunsira ntchito ina. Mipingo yatsopano inkabadwa m'makalasi a masukulu, uliwonse ukufuna mapepala ake. Wotayipa anali mmodzi yekha kutauni, wamwano.

Mlongo wanga anayesa, zinakanika. Munthu akabwera ndi fulopi yake, kadiski kosungira zolemba, yolembedwa ku Lusaka, kompyuta sinkatsegula. Akalemba tsamba lalitali inkangouma, mpaka aizimitse pakhoma, zonse n'kutayika.

Kumpingo kwawo kwa Pentekosite kunali bambo wina wokonza mawayilesi. Anali ndi kashopu pafupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo anali atayamba kugwiranso makompyuta. Anabwera, anayatsa, anadikira.

"Sista, iyi ni nkhalamba," anatero. "Koma siinafe. Ifuna ramu, ifuna diski ikulu, ifuna na pulogalamu ya manje. Ngati simuzachita izi, ikanipo chabe maluba pamwamba."

Mlamu anati alibe kanthu. Zinali zoona. Mlongo wanga anagulitsa makina ake osokera. Makinawo anali a mayi athu. Anachoka nawo ku Katete atawakulunga m'bulangete, pamwamba pa lole, chaka chomwe bambo anapeza ntchito ya njanji. Ndinamuuza kuti ndi chitsiru.

"Ndamva, alongosi," anatero. "Mundinyamulire chabe."

Ndinayala masaka muwilibala, bokosi pakati, sikirini pambali. Msewu wa Nangongwe ndi maenje okhaokha. Iye ankayenda pambali atagwira sikirini ngati akuperekeza wodwala kuchipatala.

Wamawayilesi atachotsa chivundikiro, mphemvu zinatuluka. M'kati munali thonje lokhalokha, fumbi la kufakitale lija lomwe lili m'zifuwa mwathu tonse.

"Ba mudala, iyi nayo inali kuluka nsalu na imwe?"

"Inali mu ofesi," ndinatero. "Sinagwirepo ntchito. Ili ngati mwini wake."

Mlongo wanga anandiponda phazi.

Anapopa fumbi ndi pampu ya njinga. Kenako anatulutsa ramu m'kapepala konyezimira. Tinali timatabwa tiwiri tobiriwira, chilichonse ngati chipeso cha m'thumba. Ndinayang'ana. Makina onse aja a mayi, ndi chitsulo chake chopondera, anasanduka timeneti ndi diski imodzi yokwana m'dzanja.

"Ramu ni monga thebulo," anatiuza. "Ikakhala ikulu, muikapo vambiri nthawi imodzi. Diski ni nkhokwe."

Anasomeka timatabwa tija m'malo mwake, anayatsa. Kompyuta inangolira ngati mwanapiye, sikirini ili bii. Anazimitsa, anasomekanso. Chimodzimodzi. Anaika manja pabokosi n'kupemphera mokweza, mlongo wanga akuvomera. Anayatsa. Inaliranso.

"Mzimu wakana?" ndinafunsa.

"Si mzimu, ba mudala. Banipasa ramu ya mtundu wina. Mailo nibwerera ku Lusaka."

Mawa lake anabwerera pa minibasi, anasinthitsa. Ulendo wachiwiri timatabwa tinalowa, kompyuta inavomera. Anamanga diski yatsopano, anayamba kulowetsa pulogalamu. Ili pakati magetsi anathima. Anayambiranso. Ine ndinapita kukanyamula matumba a ufa a mayi wina, ndinabwera, akadali pomwepo. Madzulo anaiyatsa, inadzuka ndisanamalize kupisa m'thumba kufuna machesi. Mlongo wanga anakhala pampando n'kuyamba kutayipa. Zala sizinaiwale. Sankayang'ana n'komwe pansi. Anaseka. Ndinali ndisanamuone akuseka kuchokera pomwe fakitale inatseka.

Anasuntha thebulo kuliika pawindo loyang'ana kumsewu. Anthu ankaima panja, iye m'kati. Anabwera amakalata, anabwera amipingo, anabwera aukwati. Koma ambiri anali amaliro. Zaka zimenezo tinkaika anthu kwambiri, ndipo aliyense ankafuna kapepala ka ndondomeko ya maliro, dzina la malemu lili pamwamba m'malemba akuluakulu. Ana anayamba kudya nshima ndi nsomba. Wamkulu anabwerera kusukulu.

Mlamu anali atagona, matenda atakula. Pulinta ikalira ankatukwana ali kuchipinda, akuti ikumubaya m'mutu. Koma abale ake akabwera kudzamuona ankadzuka, n'kuwatengera pawindo.

"Onani. Ni yanga. Uyu ningomulola kuseweretsako."

Anamwalira nyengo yozizira. Pepala la maliro ake mlongo wanga analitayipa yekha.

A kuchimuna anabwera ambiri, koma olamula anali atatu. Amalume ake a malemu, okalamba, ochokera kumudzi, a jekete lalikulu ndi ndodo. Mlongo wake wa malemu, wogulitsa salaula, zovala zogwiritsidwa kale ntchito, ku Chipata. Ndi mwana wa mayi ameneyu, mphwake wa malemu, bambo wa ndevu zake, kondakitala wa minibasi ku Lusaka. Pamaliro analira kwambiri mayiyo. Polira maso ankayenda m'nyumba monse.

Titaika, m'mawa mwake anati tikhale pansi. Kwathu mwamuna akafa, a kwawo amagawana katundu wake. Ife a kuchikazi timakhala kumbali, timangomva. Lamulo la boma loteteza amasiye linalipo, tinkalimva pawayilesi. Pabwalo la mlongo wanga silinabwere.

Anatulutsa zonse panja. Bedi, matiresi, mipando, wayilesi, simbi, mapoto aakulu, nsapato, matayi. Kondakitala uja anatuluka atakumbatira sikirini, chingwe chikukwekwereka pansi. Anabwerera, anatulutsa bokosi, pulinta ndi kiyibodi.

Mlongo wanga anali pamphasa, atafunda chitenje kumutu. Sanalankhule pa bedi. Sanalankhule pa mapoto. Apa analankhula.

"Apongozi, tengani zonse. Ichi chokha mundisiyire. Ndi khasu langa. Ndinagulitsa makina anga osokera kuti chigwire ntchito."

Mlongo wa malemu anawomba m'manja.

"Makina ake! Makinawo amagona m'nyumba ya ndani? Lendi ankalipira ndi ndani? Mlongo wanga ananena yekha ndi pakamwa pake, ine ndili apa, kuti ni yake. Mwamudya munthu, mufuna mudyenso katundu wake?"

"Sindinamudye. Ndinamusambitsa mpaka tsiku lomaliza. Inu munali kuti?"

"Mwamva mwano? Mwamuna sanaole n'komwe!"

Amalume anagogoda ndodo pansi. Anati iwo sanabwere kudzalanda, anabwera kudzagawa bwino, aliyense apite ndi chokumbukira malemu. Anayang'ana ziwalo zinayi zija kwa nthawi. Kenako anagawa. Sikirini, yomwe anaitcha TV, kwa mphwake wa malemu, chifukwa ndiye wolowa dzina. Pulinta kwa mlongo wa malemu. Kiyibodi anati atenga okha, ali ndi mdzukulu mphunzitsi. Bokosi analiloza ndi ndodo.

"Kasutikesi aka kakhale kwa wamasiye, angamanene kuti tinamusiya manja okha."

Sindinayenera kulankhula. Ndinalankhula.

"Amalume, ichi ndi chinthu chimodzi. Mukachigawa chafa. Chili ngati ng'ombe: uwu ndi mutu, iyi ndi miyendo."

"Ng'ombe timagawana, apongozi," anatero. "Simunaonepo?"

Anthu anaseka. Ngakhale a pa Nangongwe pomwe, omwe ankaima pawindo paja ndi mapepala awo, anaseka.

"Nanga ana?" ndinafunsa.

"Ana ndi anu. Inu si amalume awo? Kapena mwambo munausiya ku Katete?"

Ndinakhala pansi. Pamenepo ankanena zoona.

Masana ndinapita kwa wamawayilesi. Ndinamufotokozera. Anafunsa kuti bokosi latsala ndi ndani. Nditamuuza anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Ba mudala, basiya nyama batenga chikumba! Vonse vili mu bokosi. Sikirini yakale nili nayo apa, nizabwereka sista. Kiyibodi ni vochepa. Pulinta azayamba abwera kupulintira kuno. Bweretsani bokosi mailo niyese."

Ndinakamuuza mlongo wanga kuseri kwa nyumba, a kuchimuna asamve. Anagwira pakamwa. Anali ndi ntchito yaikulu m'bokosimo, mapepala a msonkhano wa mpingo wawo omwe amayi busa anamupatsa kuti atayipe, mlamu asanamwalire. Anali atatsala pang'ono kumaliza. Anati akamaliza imeneyo mipingo ina imva, lendi alipira, ana sachoka pakhomo.

"Mawa m'mawa, alongosi. Asanadzuke bwino."

Zomwe sitinadziwe ndi izi. Madzulo omwewo kondakitala ananyamula sikirini kupita nayo kuthaveni ya pakona. Kunali mpira. Anauza anthu kuti asadandaule ndi ka TV kawo kosaoneka bwino, iye wabwera ndi yaikulu ya amalume ake. Anasomeka kumagetsi. Inayaka kagetsi kakang'ono basi. Anafuna poika eriyo, panalibe. Anamanga waya wa hang'ala kuchingwe chake, anakwera pampando, anatembenuza uku ndi uku. Bii. Thaveni yonse inamuseka. Wina anamuponyera pakete ya chibuku. Wina anamuuza kuti zinthu zimenezi sizionetsa popanda bokosi, mtima wake uli m'bokosi.

Iye anamva zake. Anamva kuti wamasiye anachotsa mtima wa TV n'kuubisa m'kasutikesi.

M'mawa ndinaika bokosi muwilibala, ndinaliphimba. Mlongo wanga sanatuluke, wamasiye sayenda masiku amenewo. Ndinafika pa mpopi pomwe amayi amatunga madzi. Anandipeza pomwepo, onse atatu. Kondakitala patsogolo, maso ali psuu, akununkha mowa wadzulo. Amayi ake pambuyo. Amalume akubwera ndi ndodo pang'onopang'ono.

"Imani, mudala! Kawalala!"

Ndinaima.

"Muthawitsa chani?"

"Gawo la mlongo wanga. Munamupatsa nokha."

"Tinamupasa sutikesi. Vamene vili mukati ni va TV yanga. Munachosa usiku. Nadziwa vonse."

"Palibe chomwe tinachotsa. Ija si TV. Sinakhalepo TV."

"Yamene ili na galasi kutsogolo si TV? Muniyesa wa kumudzi ine?"

Amayi otunga madzi anasiya ndowa. Anthu anayamba kusonkhana. Mlongo wa malemu anawauza mokuwa kuti banja lathu ndi la mbava, tinapha m'bale wawo, tsopano tikuba ndi katundu wa maliro. Amalume atafika anati nkhani ndi yosavuta. Litsegulidwe bokosi pamaso pa anthu. Ngati mulibe kanthu, apepesa.

"Muli zinthu," ndinatero. "Koma ndi zake."

"Mwamva? Wavomera!"

Kondakitala anatulutsa mpeni. Ndinamugwira dzanja, ndinamukankha, anagwera m'matope a pampopi. Ndikanamumenya. Amuna awiri anandigwira kumbuyo. Anali anzanga a kumakina oluka, tinagwira limodzi zaka zambiri.

"Osamenya a maliro, iwe," mmodzi anandinong'oneza. "Uzaitana vinthu pa bana."

Anandigwira zolimba. Ndinali ndi mphamvu nthawi imeneyo, koma anali awiri.

Masikuluu anamuvuta ndi mpeni. Awiri anamasuka, ena anakana. Analowetsa mpeni m'mphepete n'kupinda chitsulo, anaponda ndi phazi, anakoka. Chivundikiro chinatseguka mokhota. Onse anasuzumira.

"Onani! Onani vamene anabisa!"

Sankadziwa chomwe akufuna. Anazula nthambo zonse. Anagwira diski, anaona kuti ikulemera ndipo ndi yatsopano, anaikoka ndi masikuluu ake omwe. Anaiimika m'mwamba kuti anthu aone.

"Uyu mutima wake!"

Amayi ake analowetsa dzanja, anathyola timatabwa tobiriwira tija, anati ndi tatsopano nato, n'kutimanga pakona ya chitenje. Thabwa lalikulu la pansi linakana kutuluka. Kondakitala analitema ndi mpeni kawiri, linang'aluka, analisiya.

Amalume anayang'ana m'bokosi lopanda kanthu, anagwedeza mutu.

"Mwaona, apongozi? Chinyengo sichabwino pamaliro. Koma ife sitisunga mangawa. Tengani sutikesi yanu."

Anzanga anandisiya. Mmodzi anandikutumula fumbi paphewa. Amayi anabwerera ku ndowa zawo. Ndinamva pambuyo pake kuti kondakitala anayesa kumangirira diski kumbuyo kwa sikirini ndi mphira, anayatsa, sizinatheke, anaimenyetsa pansi. Masana anakwera minibasi onse atatu, bedi ndi matiresi zili pamwamba.

Ndinakankhabe wilibala mpaka kusiteshoni. Sindidziwa chifukwa chake. Wamawayilesi anali atapukuta kale sikirini yobwereka ija, ili pathebulo. Anayang'ana m'bokosi. Sanaseke. Anakweza thabwa long'aluka, analibwezera.

"Iyi yafa, ba mudala. Palibe cokonza apa. Ni kugula ina."

"Tigule ndi chiyani?"

Anati fani ndi kabokosi ka magetsi angathe kugula, ngati sista afuna.

Mlongo wanga anandiona ndikulowa pachipata. Anayang'ana muwilibala. Sanalire. Anafunsa ngati diski yatsala. Ndinati ayi. Analowa m'nyumba, anakhala pansi pomwe panali bedi.

Amayi busa anabwera sabata yomweyo, atavala suti yoyera, kudzatenga mapepala a msonkhano. Mlongo wanga anawafotokozera. Anamvetsera ataima pakhomo, chikwama chili kukhwapa.

"Sista, izi si za thupi. Mwamuna wafa, manje na nchito ya Mulungu yafera m'manja mwanu. Pali mzimu wa imfa pa nyumba ino. Mubwere pa Chisanu tizakupemphererani."

Ntchitoyo anakaipereka kwa wotayipa wa kutauni uja. Mlongo wanga sanapite pa Chisanu.

Mwezi utatha mwini nyumba anafuna nyumba yake. Ndinawatenga anayi onse kubwera nawo kwanga, zipinda ziwiri. Mkazi wanga sanalankhule nane masiku angapo. Ndinamuuza mlongo wanga poyera kuti wilibala imodzi singadyetse nyumba ziwiri, pano nshima ndi kamodzi patsiku, wamkulu uja sukulu aiwale. Ndinamuuzanso kuti makina a mayi akanakhalapo, bwenzi akusoka. Anati wamva.

Anayamba wapita kumashopu kufunsa ngati alipo wofuna munthu wotayipa. Kulikonse anamuuza kuti abwere ndi kompyuta yake. Kenako mayi wina wa pamsika anamuuza za Chanyanya, doko la asodzi, kuti kumtsinje munthu angayambe ndi beseni limodzi, kugula nsomba kwa asodzi n'kudzagulitsa kutauni. Tonse tinkadziwa mmene akazi opanda ndalama amapezera nsomba kumeneko. Asodzi amasankha womugulitsa, ndipo mtengo wake si ndalama zokha. Mkazi wanga anadziwa. Ine ndinadziwa. Palibe anatchula.

Anabwereka beseni kwa mkazi wanga. Anakwera kumbuyo kwa vani ya ogula nsomba pamodzi ndi akazi ena. Poyamba ankabwera madzulo. Kenako ankagona komweko masiku awiri, atatu. Kenako ankangotumiza nsomba zouma ndi woyendetsa vani, zokulunga m'nyuzipepala, kuti ana adye.

Anawo anakulira kwanga.